Ludzu pakati pa mitsinje iwiri: ndalama za boma zimafika liti kwa Mphuka?

Mu Okutobala, dzuwa likafika paliwombo kwa Mfumu Mphuka, nkhuku zimabisala pansi pa nkhokwe zili yasaa kukamwa, ndipo mchenga umawotcha mapazi ngakhale munthu wavala patapata. Kutentha kumapyola madigiri 40. Mayi wopita ku Zambezi ndi ndowa safika n'kutungiratu. Amaima kaye pamtunda n'kuyang'anitsitsa pamadzi, kenaka amaponya chibuma kuti ngati ng'ona yabisala m'mphepete idziulule. Akatunga amabwerera chafutambuyo, maso ali kumadzi. Pokwera mtunda amadutsa m'munda mwake momwe, mmene mapesi a chimanga chimene chinapserera chisanabereke adakali chiimire. Kuchoka pamundawo kukafika pamtsinje ndi mtunda woti mwana athamange osapumira.

Chimenechi ndicho chimandisowetsa mtendere ndikaganiza za dera limeneli. Madzi alipo ochuluka, akudutsa usana ndi usiku, koma munda woyandikana nawo ukufa ndi ludzu.

Munthu wochokera ku Lusaka kapena ku Chipata amapatuka pa mlatho wa Luangwa, kusiya msewu wa Great East, n'kulowera kummwera makilomita pafupifupi 90. Msewuwo ndi wa tala masiku ano. Umadutsa m'midzi ya Mfumu Yaikulu Mburuma, pa Katondwe pamene pali chipatala cha mishoni, mpaka kulowa m'dziko la Achikunda a Mfumu Mphuka. Pamene msewu wathera ndi pamene Zambia yatheranso. Mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi pomwepo. Tsidya la Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, tsidya la Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe, ndipo abale amaoloka pa bwato kukalira maliro ngati akupita kumudzi woyandikana nawo. Dzina lakale la malowa ndi Feira, mawu a Chipwitikizi otanthauza msika, popeza kuyambira zaka za m'ma 1700 amalonda ankagulitsirana pano minyanga ya njovu, golide ndi anthu. Dzinalo lidakalipo pa mpando wa phungu. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'boma lonse la Luangwa muli anthu opitirira pang'ono 35,000.

Akatswiri a zaulimi anagawa dziko la Zambia m'zigawo zitatu potengera mvula, ndipo Luangwa ili m'chigawo choyamba, chimene chimalandira mvula yosafika mamilimita 800 pachaka. Chilala si mlendo kuno. Agogo anakula nacho, n'chifukwa chake ankabzala mapira ndi mchewere, ankalima madimba m'mphepete mwa mtsinje madzi akaphwera, ankayanika masau ndi kusunga malambe, ankaluka mphasa za bango ndi kuwedza nsomba. Chasintha n'chakuti zaka zoipa zikutsatana msanga, mvula ikubwera mwaukali masiku ochepa n'kudula masabata ambiri, ndipo banja silipeza mpata wodzuka lisanagwenso. Funso lili apa ndi la ndalama: boma likamakonza bajeti ku Lusaka, kodi limaona mayi uja ndi munda wake?

Chaka chimene mvula inadula

Mu Januwale 2024 mvula inadula pakati pa nyengo, chimanga chili pafupi kumasula ngayaye, ndipo m'madera ambiri panatha masabata asanu osaona dontho. Akatswiri a zanyengo anali atachenjezeratu za El Niño miyezi ingapo m'mbuyomo. Pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga amene anabzalidwa, pafupifupi miliyoni imodzi anaonongeka. Mu Epulo, Pulezidenti anati pakufunika K23.5 biliyoni yothandizira anthu 6.6 miliyoni, pamene boma linali ndi K1.3 biliyoni yokha m'manja. Zokolola za chimanga zinatsika kuchoka pa matani opitirira 3 miliyoni kufika pa 1.5 miliyoni. Ku Kariba madzi anachepa mpaka magetsi ankazima maola 21 patsiku. Ku Malawi nako zinali chimodzimodzi: Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28 mwezi wa Malichi.

Boma linachitapo kanthu, ndipo tiyenera kunena zoona pamenepa. Nduna ya zachuma, Situmbeko Musokotwane, inapita ku Nyumba ya Malamulo ndi bajeti yoonjezera ya K41.9 biliyoni, imene gawo lake lina linali la chilala. Bungwe la IMF linaonjezera madola opitirira 380 miliyoni pa ngongole imene linagwirizana ndi Zambia mu 2022. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inapereka madola 208 miliyoni osabweza. Inshuwalansi ya chilala imene boma linagula ku African Risk Capacity inalipira madola pafupifupi 10 miliyoni. Nthambi yoona za ngozi ya DMMU, yomwe ili pansi pa ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti, inagawa chimanga, ndipo bungwe la boma losunga chimanga la FRA linatsekula misika yake kuti anthu azigula thumba pamtengo wotsikirapo. Ndalama zothandizira mabanja ovutika, zimene ku Malawi amati mtukula pakhomo, zinakwera kuchoka pa K200 kufika pa K400 pamwezi. Panabweranso ganyu wa boma wa Cash for Work: K600 ukagwira masiku khumi.

Thandizo limeneli linapulumutsa miyoyo. Amene anagonapo ndi njala masiku awiri sangalinyoze. Koma taonani nthawi imene linafikira. Linafika chimanga chitauma kale, mbuzi zitagulitsidwa kale pamtengo wozizira, ana ena atasiya kale sukulu kuti azikathandiza kutola malambe. Ndipo ganyu uja, m'madera ambiri, anali wolambula m'mbali mwa misewu, kugwaza ngalande za pa Boma ndi kusesa m'misika. Manja omwewo, ndalama zomwezo, zikanatha kukumba ngalande yotengera madzi kumunda, kuumba njerwa za thanki, kudzala mitengo m'magombe amene akugumuka. Udzu wa m'mbali mwa msewu unameranso ndi mvula yotsatira.

Chifukwa chimodzi chimene ndalama zimafikira mochedwa ndi ngongole. Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira ngongole zake zakunja, kukhala dziko loyamba mu Africa kutero nthawi ya mliri wa Covid-19. Zokambirana zokonzanso ngongolezo zinatenga zaka. Mgwirizano wa madola 6.3 biliyoni ndi maiko obwereketsa unapezeka ku Paris mu Juni 2023, ndipo wa madola 3 biliyoni a ma Eurobond unatha mu 2024, chaka cha chilala chomwecho. Ngakhale zili choncho, pa makwacha asanu aliwonse a mu bajeti, yoposa imodzi imapita kukalipira ngongole ndi chiwongoladzanja chake. Gawo limene bajeti imalitcha loteteza chilengedwe silinafike ngakhale pa 1 peresenti ya bajeti ya K177.9 biliyoni ya 2024. Mlimi wa m'mudzi wa Kavalamanja sanasainepo ngongole ya Eurobond, koma akuilipira ndi mjigo umene sunakumbidwe.

Feteleza wa chimanga m'dziko la mapira

Komabe kulozera chala ngongole yokha n'kudzipepesa. Ndalama zimene boma lili nazo kale n'zambiri ndithu, ndipo nkhani yagona pa mmene zimagwirira ntchito.

Ndalama zazikulu kwambiri zimene boma limaika pa ulimi ndi za FISP, ndondomeko ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo. Mu 2024 inapatsidwa K8.6 biliyoni. Alimi opitirira miliyoni imodzi amasonkha K400 aliyense n'kulandira zipangizo. Kwa mlimi wa ku Mkushi, Lundazi kapena Kalomo m'chaka cha mvula yabwino, ndondomekoyi imabweza phindu. Nanga kwa Mphuka? Feteleza amafuna chinyezi. Ukamuthira n'kudula mvula masabata atatu pa kutentha kwa m'chigwa, amangotentha mbewu. Boma lataya ndalama, mlimi wataya K400 yake ndi thukuta la miyezi itatu, kenaka boma lomwelo libwerenso ndi lole ya chimanga cha chithandizo. Timalipira kawiri, ndipo nkhokwe ili mbee.

N'zoona kuti njira ya e-voucher, imene boma lakhala likuifalitsa m'maboma ambiri, imalola mlimi kusankha zimene akufuna kwa wogulitsa zipangizo. Koma munthu amasankha pa zimene zili m'sitolo, ndipo amabzala zimene akudziwa kuti wina adzamugula. Kwa zaka zambirimbiri msika wotsimikizika wa boma wakhala wa chimanga. Mapira nawo ali ndi mavuto ake amene aliyense wolankhula za iwo ayenera kuvomereza. Mpheta zimatha munda m'masiku ochepa, ana amene kale ankayingitsa mbalame tsopano ali kusukulu, kusinja mapira n'kotopetsa, ndipo pakamwa panazolowera nsima yoyera. Mavuto amenewa ndiwo oyenera ndalama za boma. Mbewu za mapira zocha msanga zifike m'sitolo za pa Boma mvula isanayambe. Pakhale chigayo chodziwa kupuntha mapira. Sukulu zodyetsa ana phala zigule mapira ndi khobwe kwa alimi a komweko. Mlangizi wa zaulimi akhale ndi njinga yamoto yokhala ndi mafuta. Zonsezi sizifuna msonkhano wa maiko. Zimafuna kuti wolemba bajeti avomereze kuti Luangwa si Mkushi.

Mbuzi, njuchi ndi pampu imene yaima

Ntchito yaikulu yolimbana ndi kusintha kwa nyengo imene yafikapo ku Luangwa ndi ya SCRALA. Thumba la dziko lonse la Green Climate Fund linaivomereza mu 2018 ndi kuikapo madola 32 miliyoni osabweza. Mtengo wonse wa ntchitoyi unalembedwa kuti ndi madola 137 miliyoni, ndipo gawo lalikulu la zotsalazo linali la boma la Zambia lenilenilo. Unduna wa Zaulimi ndiwo unatsogolera, mothandizana ndi mabungwe a UNDP, FAO ndi WFP, nthambi ya zanyengo ndiponso bungwe loyang'anira madzi la WARMA. Inagwira m'maboma 16 ouma kwambiri, kuphatikizapo Luangwa, Rufunsa, Nyimba, Mambwe ndi Chirundu.

Maganizo ake anali abwino, ogwirizana ndi chigwa. Banja limalandira mbuzi, zikaswana limapatsira banja lina. Ena analandira ming'oma ya njuchi, ena anaphunzira ulimi wa mtayakhasu ndi kusunga ndalama m'magulu, ndipo m'madera ena munakumbidwa mijigo ndi kuikidwa mapampu a dzuwa othirira madimba. Panaikidwanso zipangizo zoyezera mvula kuti uthenga wa zanyengo uzifika kwa mlimi asanabzale. Mbuzi imapirira kumene chimanga chimagonja. Imadya masamba a mitengo ndi zipatso za mthethe, ndipo tsiku la mavuto imasanduka fizi ya mwana kapena thumba la ufa.

Tsono tiwerengere limodzi. Madola 32 miliyoni tikawagawa mofanana pa maboma 16, lililonse lipeza madola 2 miliyoni. Tikawagawanso pa zaka zisanu ndi ziwiri za ntchitoyi, sakufika madola 300,000 pachaka. Ndi ndalama zoyambitsira chinthu ndi kuonetsa kuti n'chotheka. Sizingathirire chigwa chonse.

Ndipo vuto lenileni limayamba tsiku limene galimoto za ntchito zachoka. M'midzi ya m'zigwa zotere ndaonapo kangapo thanki yobiriwira ili pamwamba pa zitsulo, masola ali bwinobwino akuyang'ana kumwamba, mipope ili pansi, koma pampopi pali gwaa. Ukafunsa umamva kuti kachipangizo kamodzi kanapsa, kapena pampu inayamwa mchenga madzi atatsika. Komiti ya madzi inasonkhetsa ndalama zochepa zimene sizinakwane, mmisiri wodziwa zimenezi ali ku Lusaka, ndipo kuti abwere pakufunika ndalama ya mafuta ndi malo ogona. Mwezi umatha, chaka chimatha. Amayi amabwerera kumtsinje kuja kuli ng'ona, ndipo dimba la gulu limasanduka podyera mbuzi. Chinthu cha makwacha zikwi mazanamazana chimafa chifukwa chosowa zikwi zochepa.

M'mabuku a boma ndalama zimagawidwa pawiri: zomangira zatsopano ndi zoyendetsera zimene zilipo. Zomangira zili ndi mwambo wotsekulira, nyimbo ndi zithunzi. Zokonzera zilibe woziombera m'manja, choncho ndizo zimayamba kudulidwa zinthu zikathina. Ine ndimakhulupirira kuti ku dera ngati Luangwa, ndalama yolipira amisiri awiri kapena atatu a komweko, ophunzitsidwa kukonza mapampu a dzuwa, okhala ndi njinga yamoto ndi kasitolo ka zipangizo pa khonsolo, ingateteze anthu ku chilala kuposa thanki zina khumi zatsopano.

Fodya wa pamphuno

Pali thumba limodzi limene anthu a kwa Mphuka angalifikire ndi dzanja. Mpaka 2021, thumba la chitukuko la CDF linali K1.6 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Mu bajeti ya 2022 linalumpha kufika pa K25.7 miliyoni. Mu 2023 linali K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, mu 2025 K36.1 miliyoni. Dera lililonse limalandira mofanana, kaya lili ndi anthu angati. Boma la Luangwa lili ndi phungu mmodzi, wa Feira, ndiye kuti K36.1 miliyoni ija ya 2025 inagwera anthu 35,000 okha, pafupifupi K1,000 pa munthu aliyense, khanda ndi nkhalamba yomwe. Dera la Kanyama ku Lusaka, lokhala ndi anthu ochuluka kuwirikiza koposa kakhumi, linalandira ndalama yomweyo chaka chimenecho. M'madola, CDF ya chaka chimodzi ya Feira ikuposa miliyoni imodzi, kuwirikiza kangapo zimene tawerengera za Green Climate Fund zija. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Malamulo a thumbali amagawa ndalamazo patatu. Gawo lalikulu ndi la ntchito za chitukuko cha m'midzi, lina ndi la ngongole ndi mphatso za magulu a amayi ndi achinyamata, lina ndi la fizi ya ophunzira a sekondale zogonera komweko ndi a ntchito zamanja. Ntchito zimayenera kuyambira pansi. Anthu amakambirana m'midzi, n'kupereka zofuna zawo ku komiti ya chitukuko ya wadi, komitiyo n'kupititsa ku komiti ya CDF ya dera lonse, mmene mumakhala phungu, makhansala ena ndi oimira mafumu. Khonsolo ndiyo imasunga ndalama ndi kulemba ntchito makontirakitala.

M'dziko lonse ndalamazi zapita kwambiri ku zipinda zophunziriramo, madesiki, zipatala zazing'ono, nyumba zochirira amayi ndi makina okonzera misewu. Palibe wanzeru angatsutse zimenezi, makamaka chiyambireni maphunziro aulere a 2022 amene anadzaza makalasi. Mayi wa pakati wochokera ku Kavalamanja, mudzi umene unaphulitsidwa ndi asilikali a Rhodesia mu Malichi 1978, akufunikadi malo ochirira apafupi. Koma mwana wanjala samva za aphunzitsi ngakhale desiki ikhale yatsopano. Ngati chaka chilichonse gawo lodziwika la CDF, tinene kotala, likanaikidwa pambali kuti likhale la madzi okha, zaka zisanu zikanasintha nkhope ya chigwachi. Ndikunena pampu ya dzuwa yokoka madzi mu Zambezi kukathira mu thanki ya pamtunda, mipope yotsikira ku minda ya mabanja makumi angapo, mpopi wa madzi akumwa pakati pa mudzi kuti mayi asapitenso kugombe, ndi ndalama yokonzera yolembedwa m'pepala lomwelo. Zambezi siuma. Ngakhale mu 2024, pamene Kariba inalephera kuyendetsa makina ake mokwanira, madzi ankadutsabe pa Feira kupita ku Cahora Bassa.

Fizi ya ntchito zamanja ija nayo ingalumikizidwe pomwepo. Mnyamata kapena mtsikana wa kwa Mphuka akaphunzire za masola ndi mipope pa ndalama ya CDF, pobwera apeze ntchito ikumudikira kwawo. Ngongole za magulu zipite kwa ogula tomato, anyezi ndi nyemba za m'madimbawo kukagulitsa pa mlatho wa Luangwa, pamene mabasi a ku Chipata, Lilongwe ndi Lusaka amaima tsiku lililonse anthu n'kugula nsomba zouma ndi madengu.

Pali chodandaulitsa china chimene Wamkulu Wofufuza Mabuku a Boma wakhala akuchitchula m'malipoti ake: makhonsolo ambiri m'dziko muno amalephera kugwiritsa ntchito ndalama zonse za CDF chaka chisanathe, ndipo ngongole zambiri za magulu sizibwezedwa. Kuchedwa kuvomereza ntchito, kusowa kwa mainjiniya ndi makontirakitala othawa ntchito ili pakati, zonsezi zimadya nthawi. Kuchigwa nthawi ndi nyengo. Pampu imene yafika mu Januwale m'malo mwa Juni yataya chaka chathunthu cha dimba.

Njovu nazo zili ndi ludzu

Wolankhula za ulimi wothirira kwa Mphuka osatchula njovu ndiye kuti sanagonepo kumeneko. Kumadzulo kuli nkhalango yotetezedwa ya Lower Zambezi ndi dera la nyama la Rufunsa. Kuthengo kukauma, njovu zimatsikira kumtsinje, ndipo njira yake imadutsa m'minda. Mwezi wa Seputembala, dimba lobiriwira pakati pa dziko lofiira limaitana njovu kuchokera kutali. Bambo amagona pa nsanja m'munda, moto uli pambali, chitini ndi chitsulo zili m'manja. Akamva nthambi ikuthyoka amaimba chitinicho ndi kukuwa, anzake a m'minda yoyandikana n'kuyankha. Nthawi zina njovu zimabwerera. Nthawi zina zimangoimika makutu n'kupitiriza kudya, ndipo pofika m'mawa ntchito ya miyezi itatu yatha. Kumtsinje mvuu nazo zimatuluka usiku. Boma silipereka chipepeso kwa munthu amene nyama zamuonongera mbewu.

Njovu zimenezi zimabweretsa ndalama m'dziko kudzera mwa alendo odzaona nyama ndi ziphaso za ulenje, ndipo lamulo la nyama zakuthengo la 2015 limati anthu okhala nazo pafupi azilandirako gawo kudzera m'makomiti awo. Chilungamo chake n'chakuti mpanda wa magetsi a dzuwa wozungulira minda yothirira uzikhala mbali ya mtengo wa ntchitoyo kuyambira pachiyambi, ndipo nthambi ya nyama zakuthengo izisonkhapo. Mipanda ya tsabola imathandiza pang'ono, koma njovu yanjala siopa tsabola mpaka kalekale.

Nsomba nazonso, zimene zinali pothawira mvula ikakana, zikuchepa pamene asodzi akuchuluka. Nyengo yoletsa kuwedza imayamba mu Disembala n'kutha kumapeto kwa Febuluwale, miyezi yeniyeni ya njala. Lamulolo n'lofunika kuti nsomba ziswane, koma kuti msodzi alisunge ayenera kukhala ndi china chodyetsera ana ake. Ganyu wa boma akanakhala wa chaka ndi chaka m'miyezi itatu imeneyi, wolunjika pa ngalande, mipanda ndi magombe, akanateteza nsomba ndi minda nthawi imodzi.

Malonjezo a kutali

Pa mapepala Zambia ili patsogolo. Mu 2021 inakhazikitsa unduna woona za chuma chosaononga chilengedwe, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la kusintha kwa nyengo limene likukhazikitsanso thumba lapadera la ntchito zimenezi. Pa mgwirizano wa zanyengo wa ku Paris dziko linalonjeza kuchepetsa mpweya woipa ndi 25 peresenti pofika 2030, kapena 47 peresenti ngati lithandizidwa mokwanira, ndipo linati ntchito yonseyo ifuna madola 50 biliyoni, 35 ochokera kunja ndi 15 a m'dziko momwemo. Eni galimoto akhala akulipira msonkho wa utsi chaka ndi chaka, koma ndalamayo imalowa m'thumba lalikulu la boma n'kusakanikirana ndi zina zonse, moti palibe angaloze mjigo n'kunena kuti uwu unachokera ku msonkho umenewo. Thumba latsopanoli likhala ndi tanthauzo pokhapokha litakhala ndi gwero lodziwika ngati limeneli, ndiponso litamatumiza gawo lake mwachindunji ku makhonsolo a m'zigwa za Luangwa, Zambezi ndi Gwembe.

Maiko olemera, amene utsi wawo ndiwo watenthetsa dziko, ali ndi mangawa enieni. Mu 2009 ku Copenhagen analonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020, ndipo anakwanitsa mochedwa, zambiri mwa izo zili ngongole. Ku Baku mu 2024 maiko osauka anapempha madola 1.3 thiriliyoni pachaka, n'kulonjezedwa 300 biliyoni pofika 2035. Thumba lolipira zoonongeka, limene linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, linayamba ndi malonjezo a madola pafupifupi 700 miliyoni a dziko lonse lapansi, osafika ngakhale pa zimene Zambia yokha inapempha pa chilala chimodzi. Nthumwi zathu zipitirize kumenya nkhondo imeneyi mopanda manyazi. Munthu wa kwa Mphuka amene alibe galimoto, amaphikira nkhuni ndipo amaunikira tochi sanalakwire mlengalenga. Koma sangadikire 2035 ali ndi ndowa pamutu.

Mvula ya 2024/25 inagwa bwino, ndipo dziko linakolola chimanga choposa matani 3.6 miliyoni. Zaka zotere ndizo zoopsa pa nkhani ino, chifukwa mimba ikakhuta anthu amaiwala, ndipo ndalama zimabwerera m'ngalande zake zakale. El Niño anabwera mu 1992, anabweranso mu 2016 ndi 2024, ndipo adzabweranso.

Choncho pempho langa likupita kwa a phungu a Feira, makhansala, akuluakulu a khonsolo ya Luangwa ndi nduna za Mfumu Mphuka: pa mndandanda wa ntchito za CDF wa chaka chikubwerachi, madzi a kumunda akhale pamwamba, mpanda wake ndi ndalama yokonzera zili pomwepo. Ndipo inu amayi ndi abambo a m'midzi ya m'mphepete mwa Zambezi ndi Luangwa, komiti ya wadi ikaitanitsa msonkhano musatumize ana. Pitani nokha, mufunse kuti chaka chatha zinabwera zingati, zinagula chiyani, ndipo pampu imene inaima ikonzedwa mwezi uti.